Chiwaya cha a Loke

Ola la nkhomaliro ku Kuala Lumpur silidikira munthu.
Timakhuthuka m'malifiti ngati nyerere zothiridwa madzi,
matayi tapinda m'thumba,
sitima yam'mwamba ikukukuta njanji pamitu pathu,
njinga zamoto zikutipyola m'miyendo.
Ine ndili ndi maringiti khumi
ndi mphindi makumi anayi.
Zikwana.
Zakhala zikukwana zaka zisanu ndi chimodzi.

Kwa a Loke kulibe chitseko,
kuli lata lokwezedwa m'mawa, lotsitsidwa usiku.
Mipando yapulasitiki, ina yosokedwa ndi waya.
Fani yapadenga siziziritsa munthu,
imangochotsa kutentha pa tebulo ili
n'kukakutula pa tebulo ilo.
Pano sufunsa ngati mpando uli ndi mwini, umangokhala.
Lero zigongono zanga zagundana
ndi za mlonda wa kubanki,
mtsikana wosoka, ulusi wobiriwira uli m'tsitsi,
ndi loya wina amene wadzifunditsa timapepala pachifuwa
kuti msuzi wa laksa usamulembe mlandu pa malaya.

Mitengo ili pa katoni, pakhoma.
Nambala yakale anaimata ndi tepi,
pansi pa tepiyo pali tepi ina,
ukayang'anitsitsa uwerenga mbiri ya mzinda uno
ikukwera masenti makumi asanu, makumi asanu.

Chimandikoka ndi char kway teow:
tizingwe taphanthi ta ufa wa mpunga,
dzira, adyo, mphukira za nyemba,
nkhanu ziwiri, zitatu ngati a Loke adzuka bwino,
ndiyeno chinthu chija chosagulitsidwa pamsika,
kafungo ka lawi likanyambita chiwaya,
kupserera kosafika popserera,
kamene kamakutsatira mpaka kuofesi
n'kukhala nawe pamsonkhano wa folo koloko.

Koma lero pa moto pali Siew Peng, mwana wawo.
Tsitsi wamanga ndi labala,
thukuta likutsikira m'khosi.
A Loke akhala pakona, pa kireti ya mabotolo,
dzanja lamanja lili pabondo
likunjenjemera lokha
ngati silinamve kuti ntchito analilanda.
Sakuyankhula.
Mwana akachedwa kutembenuza,
phazi lawo likugunda simenti: pha.
Akafulumira: pha, pha.

Mbale yanga yafika.
Nkhanu zinayi.
Zinayi! Ngati munthu wopepesa asanalakwe.
Ndanyamula timitengo, ndalawa.
Mchere uli m'malo, tsabola ali m'malo,
dzira lapsa monga mwa lamulo.
Kautsi kaja palibe.

Mlonda akutafuna maso ali m'mbale.
Mtsikana wosoka wawonjezera tsabola kawiri.
Loya, munthu wodyera pakamwa,
watsekula kukamwa, wayang'ana kukona kuja,
wamwa tiyi.

Kenaka mvula, yamwano, ya masana ano,
yotseka msewu ngati wapolisi.
Odutsa athawira pakhonde,
madzi akuthamanga m'ngalande ndi zisoti za mabotolo,
ndipo tonse tapanikizana pansi pa lata limodzi,
amatayi ndi amagalasi akuda ndi onyamula katundu,
nthunzi ya supu ikutisakaniza
mpaka sudziwa malaya akununkha adyo ndi a yani.

Siew Peng wabwera kudzatenga mbale,
chala chake chili ndi thuza latsopano.
Zili bwanji? wandifunsa,
maso ali pa tebulo.
Ndati, mawa ndibweranso.
Si bodza.
Si yankhonso.

Ndalipira maringiti asanu ndi anayi ndi theka,
chenji chonyowa ndaponya m'thumba.
Mphindi zanditsalira zisanu ndi ziwiri,
ambulera ndinaiwala pa desiki.

Ndili pakhonde, ndikupinda buluku,
kumbuyo kwanga moto walumpha, vuu,
chitsulo chalira pa chitsulo,
ndipo kafungo kaja kandigwira pamphuno,
kochepa, kamanyazi, koma komweko.
Ndacheuka.
Phazi la a Loke lili chete pa simenti.

Mbale imeneyo yapita ku tebulo lachitatu,
kwa mnyamata wa chisoti cha njinga
amene akudya akuyang'ana foni,
osadziwa chimene chamugwera.